Mpando wa kumapeto kwa safu

Lachisanu lina m'mwezi wa Julayi, nyengo imene kwathu kunyanja mwera umatsekereza asodzi padoko, ndinaswali Ijuma mu mzikiti wina pa Mitundu, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe. Ndinali mlendo, ndipo maso a mlendo amagwera pa zinthu zimene eni mudzi anasiya kuziona. Kumapeto kwa safu yoyamba, chakukhoma, panali mipando inayi ya pulasitiki, ndipo pampando uliwonse panakhala mkulu wa imvi. Imamu atatsikira pa sijida, mzikiti wonse unatsika naye. Anayi aja anangoweramitsa mitu, manja ali pamaondo.

Mmodzi wa iwo ndimamudziwa kuyambira ubwana, pakuti tinasamba padoko limodzi. Ali mnyamata ankapalasa bwato usiku wonse n'kukoka khoka m'mawa, ndipo atasamukira ku Mitundu kukachita malonda a nsomba zouma ankakweza yekha mabelo a usipa pa lole popanda womugwiriza. Allah anamudalitsa. Anatsegula golosale, analemba anyamata antchito, ndipo kwa zaka zoposa khumi ntchito yake yakhala ya pa benchi, kuseri kwa kauntala. Zaka 65 sanafikebe. Mpando wake wa kumzikiti amamunyamulira ndi mdzukulu.

Titatuluka ndinamufunsa kuti, "Achimwene, mpandowu munauyamba liti? Kodi ndi matenda?"

"Ashehe, kuchipatala anandiyeza. Akuti magazi akuthamanga pang'ono, koma m'maondomu sanapezemo kanthu. Kutsika ndimatsika bwinobwino, vuto ndi kudzuka. Tsiku lina ndinakanika kudzuka pa rakaa yachiwiri mpaka mnyamata wa pambali panga anachita kundikoka. Manyazi ake! Kuyambira pamenepo ndinati bola mpando." Anakhala chete pang'ono, kenaka n'kuwonjezera motsitsa mawu kuti chimene amachisowa kwambiri ndi kugunditsa chipumi pansi.

Ndiyambe ndi kuchotsa chikayiko. Kuswali pampando si tchimo, ndipo amene wakhala pamenepo chifukwa cha kulephera sayenera kuyang'anidwa ndi diso lonyoza. Imam Bukhari anasimba za Swahaba wotchedwa Imran ibn Husayn, Allah asangalale naye, yemwe anadwala n'kufunsa za Swala yake. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale naye, anamulola kuswali chokhala ngati kuima kwakanika, ndi chogonera m'mbali ngati kukhalanso kwakanika. Chilolezo chimenechi ndi chifundo cha Allah, ndipo palibe shehe amene angachichotse. Komabe ophunzira a madhhab ya Imam Shafi'i, imene ambiri a ife a kunyanja timatsata, anafotokoza kuti chilolezocho chimayenda ndi muyeso wa kulepherako. Amene angathe kuima koma sangathe sijida, aime pa nthawi yoima, akhale pa nthawi ya sijida. Mpando sutenga Swala yonse pamene chakanika ndi mbali imodzi.

Funso limene linandiperekeza kuchoka pa Mitundu linali lina. Mwa akuluakulu amene akusamukira kumipando m'mizikiti yathu, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Makanjira, ndi angati amene awafikitsa kumeneko ndi matenda, nanga ndi angati amene miyendo yawo inangosiya kupemphedwa ntchito mpaka inaiwala?

Qur'an yolemekezeka sibisa za ukalamba. Ndime ya 54 ya Surah Ar-Rum ikuika moyo wa munthu m'magawo atatu: kufooka kwa ukhanda, nyonga za pakati, ndi kufooka kwachiwiri kobwera ndi imvi. Koyambirira kwa Surah Maryam, Mneneri Zakariyya akudandaulira Mbuye wake za mafupa amene afooka. Kutsika kumeneku palibe adzakuzembe. Madokotala anakupatsa dzina lakuti sarcopenia, mawu amene dokotala wa ku America, Irwin Rosenberg, anayamba kuwagwiritsa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kutanthauza kuchepa kwa minofu kobwera ndi zaka. Munthu akapitirira zaka 30, minofu yake imachepa ndi magawo 3 mpaka 8 pa 100 alionse m'zaka khumi zilizonse, ndipo akadutsa zaka 60 liwiro limawonjezeka. Nyonga zimathawa msanga kuposa mnofu weniweniwo, makamaka m'ntchafu ndi m'chiuno, momwe mumachokera mphamvu yodzukira. Kukhala chogona kumafulumizitsa zonsezi. Pa kafukufuku wina wa m'chaka cha 2007 ku America, akuluakulu athanzi amene anagonekedwa pabedi masiku 10 okha anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Ndi chifukwa chake gogo amene wagonekedwa m'chipatala sabata ziwiri ndi malungo kapena chibayo amabwerako atachira matendawo, koma akuyenda mogwira khoma.

Phiri ndi lotsetsereka kwa tonse, koma wina amatsika ndi mapazi, wina mogubuduka. Ndipo chimene chinandidabwitsa nditachimva koyamba n'chakuti mnofu wa nkhalamba umamvabe kuitana. M'chaka cha 1990, dokotala Maria Fiatarone ndi anzake anafalitsa zotsatira za ntchito imene anachita panyumba ina yosungirako okalamba ku Boston. Anatenga anthu 10 ofooka, a zaka za pakati pa 86 ndi 96, n'kumawanyamulitsa zolemera ndi miyendo katatu pa sabata, akuwonjezera kulemera pang'onopang'ono. Patatha masabata 8, anthu 9 amene anamaliza anali ndi nyonga za m'miyendo zochuluka pafupifupi katatu kuyerekeza ndi poyamba, ndipo awiri anasiya kuyendera ndodo. Koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri imene anthu amakonda kuidumpha. Atasiya masewerawo kwa masabata anayi okha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nyonga zija linali litapita.

Aliyense amene anadutsa pa madrasa akuzidziwa zimenezi. Mwana amaloweza juzu yonse, mwalimu n'kukondwa, makolo n'kupha nkhuku. Mwanayo akapita kutchuthi miyezi iwiri osabwereza, amabwerera ali ndi zidutswa zokha. Mtumiki (SAW) anafanizira woloweza Qur'an ndi mwini ngamira zomangidwa, amene zimamuthawa akasiya kuziyang'anira. Mnofu ulinso chimodzimodzi. Suli ngati chimanga cha m'nkhokwe choti unakolola uli mnyamata udzadya utakalamba. Uli ngati dimba: ukasiya kuthirira, limauma.

Pano ndikumva kale mawu a owerenga ena. Masewera olimbitsa thupi ndi a anthu a m'tauni okhala m'maofesi, ife timalima, timapalasa, timasenza. Mawuwa ali ndi choonadi. Yendani m'mawa pa msewu wochoka pa mphambano ya Bunda kulowera ku Mitundu, muone amuna akukankha njinga zosanjikiza nkhuni ndi makala kuchokera mbali ya Dzalanyama kupita mumzinda, thukuta lili kamukamu ngakhale m'chisanu. Munthu wotere simungamuuze za kunyamula zitsulo. Iye akusowa chakudya ndi mpumulo. Koma taonani kalendala ya mlimi wamba wa dera limeneli. Amasosa ndi kugalauza mizere dzuwa la Okutobala lili pamutu, amabzala ndi mvula yoyamba, amapalira ndi kubandira m'Januwale, ndiyo nthawi imene nkhokwe zimakhala zitagona ndipo thupi limadya mnofu wake womwe posowa chakudya chokwanira. Akakolola chimanga, mtedza ndi soya, fodya n'kupita ku okushoni, pamabwera miyezi ya bawo pansi pa mtengo. Mnyamata amapirira kusinthasintha kotereku. Wa zaka 60 chaka chilichonse amataya m'chilimwe zimene sadzazibwezanso zonse m'dzinja. Kuwonjezera apo, khasu limafuna thupi lowerama mbali imodzi tsiku lonse. Limatopetsa msana, koma siliphunzitsa ntchafu kudzutsa munthu kuchokera pansi.

Kunyanja nkhani ndi yomweyo, yangovala malaya ena. Injini yalowa m'malo mwa nkhafi, ndipo msodzi akapeza bwino amagula zida zake n'kutumiza alovi pamadzi, iye n'kukhala pamthunzi kudikira zimene abweretse. Timati wapuma, watukuka. Miyendo yake ndiyo imalipira chitukukocho.

Pobwerera ndinagona pa Nathenje, pa msewu wa M1 wopita ku Dedza, kwa mkulu wina amene wapitirira zaka 70. Ali ndi kadimba kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, ka tomato, mpiru ndi anyezi. M'mawa uliwonse akaswali Subuhi amatenga makeni awiri, kutsikira kumadzi, kunjuta, kutunga, kudzuka nawo, kukwera kamtunda, kuthirira, n'kubwereranso. Sathamanga, ndipo dzuwa likayamba kuwawa amaweruka. Madzulo amachitanso pang'ono. Ana ake a ku Lilongwe anafuna kumulembera mnyamata waganyu, iye anakana, ndipo anawo anadandaula kwa ine kuti bambo awo akuwachititsa manyazi pamaso pa anthu. Pa Isha ndinaima pambali pake. Anatsika pa sijida ndi kudzuka popanda kugwira pansi kawiri, mopepuka kuposa ine amene ndili m'zaka za m'ma 50 ndipo maondo anayamba kale kundilankhula. Mkuluyu sanamvepo za sarcopenia. Koma ntchito yake ili ndi zonse zimene madokotala amalamula: kunjuta ndi kudzuka, kunyamula cholemera m'manja onse awiri, kukwera chitunda, ndipo koposa zonse, kusadukiza chaka chonse.

Dandaulo la ana ake lija likutifikitsa pa chinthu chovuta kuchinena. Ife timafooketsa makolo athu ndi ulemu. Gogo akagwira tsache timamulanda. Akafuna kupita kumsika wapansi timamuitanira kabaza. Akanyamula kachigubu timakalipira ana kuti akuonerera bwanji. Cholinga n'chabwino, ndipo Surah Al-Isra ikutilamula kuchitira zabwino makolo, makamaka ukalamba ukawapeza ali m'manja mwathu. Koma kuchitira munthu zabwino n'kumusungira zimene zimamupatsa ulemerero, ndipo ulemerero waukulu wa nkhalamba ndi kudzichitira yekha za kuseri. M'midzi yathu chimbudzi n'chokumba, chofuna kunjuta ndi kudzuka. Tsiku limene ntchafu zidzakana ntchito imeneyi, munthu amene anakhala moyo wonse akusamala twahara yake amayamba kuperekezedwa ndi mpongozi kapena mdzukulu kumalo kumene sanafune kuonedwa ndi wina aliyense. Ndakhala pambali pa mphasa za akuluakulu ambiri, ndipo misozi imene ndaiona kawirikawiri siinali ya ululu. Inali ya chimenechi.

Palinso kugwa. Nkhalamba yofooka miyendo ikaterereka kubafa kapena pakhonde n'kuthyoka fupa la m'chiuno, kawirikawiri chimatsatira ndi ulendo wa ku Kamuzu Central Hospital ndi masabata ambiri pabedi, ndipo taona kale zimene bedi limachita ndi mnofu. Amayi ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa akasiya kusamba mafupa awo amayamba kupepuka msanga. Kale mtondo ndi munsi zinkasunga manja ndi misana yawo. Lero chigayo chili paliponse, ndipo sindikulira mtondo, pakuti unali goli. Ndikungoti ntchito imene inachoka sinasiye choilowa m'malo.

Nkhaniyi ikukula chifukwa Amalawi tayamba kukhalitsa. Cha m'ma 2000 mwana wobadwa m'dziko muno ankayembekezeka kukhala zaka zosakwana 50, pamene lero chiyembekezocho chapitirira zaka 60. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire m'chaka cha 2024, ndipo n'lofunika m'dziko limene nkhalamba zimanamiziridwa ufiti. Koma lamulo silingadzutse munthu pa mkeka. Komanso Asilamu ambiri a kuno amakwanitsa ndalama za Hajj atakula kale, n'kukapeza kuti Hajj ndi ibada ya miyendo: kuzungulira Ka'aba kasanu ndi kawiri m'chikhamu cha anthu, ndi kuyenda pakati pa Safa ndi Marwa mtunda wopitirira makilomita atatu, osawerengera za ku Mina. Timasunga ndalama zaka makumi awiri, osasunga thupi lokagwiritsa ntchito ndalamazo.

Wina anganene kuti ajali inalembedwa kale, nanga kuvutikiranji? Zoona, palibe amene adzawonjezere ola pa nthawi yake. Koma Imam Tirmidhi anasimba za munthu amene anafunsa ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kuyedzamira kwa Allah, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, kumanga ndi kuyedzamira. Sitikuwerenga masiku. Tikukamba za mmene masikuwo adzatipezere, tili pa mswala kapena tikudikira wotitembenuza. Mtumiki (SAW) mwini wake ankapempha chitetezo kwa Allah ku ukalamba wothetsa munthu nzeru ndi mphamvu, ndipo mu Hadith ya Imam Muslim anayamikira wokhulupirira wanyonga, ngakhale sanachotse ubwino mwa wofooka. Ophunzira ambiri anati nyonga zotchulidwazo kwenikweni ndi za chikhulupiriro ndi kulimba mtima. Ine sinditsutsa. Ndingoti thupi ndilo bulu wonyamula chikhulupirirocho kupita nacho kumzikiti.

Swala za faradhi zili ndi marakaa 17 patsiku ndi sijida 34. Woswali pansi amadzuka kuchokera pa mkeka ka 17 tsiku lililonse, osawerengera za sunna. Sindikonda kumva anthu akugulitsa Swala ngati masewera olimbitsa thupi, chifukwa amene waswali ndi niya yochepetsa mimba walandira kale malipiro ake. Koma n'zoona kuti kudzuka kuchokera pansi ndi muyeso waukulu wa thanzi la munthu wamkulu. Ku Brazil, dokotala Claudio Gil Araújo ndi anzake anayesa anthu oposa 2,000 a zaka 51 mpaka 80, kuona mmene amakhalira pansi ndi kudzuka popanda kugwira, n'kuwatsatira kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Zotsatira zake, zofalitsidwa m'chaka cha 2012, zinaonetsa kuti amene ankavutika kwambiri ankamwalira mochuluka kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi amene ankadzuka mosavuta. Apa m'pamene pali msampha wa mpando. Mnzanga wa pa Mitundu anasamukira pampando chifukwa kudzuka kunayamba kuvuta, ndipo posamukapo anataya kudzuka ka 17 kumene kunatsala kokha m'tsiku lake. Kufooka kunabala mpando, mpando n'kubala kufooka kwina.

Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a m'chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, pamwamba pa kuyenda ndawala kapena ntchito yofanana nayo kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kwa amene afika zaka 65 amawonjezera kuti masiku atatu azichita zophunzitsa thupi kusadzandira, popewa kugwa. Palibe pamene akutchula jimu kapena nsapato zodula.

Chida choyamba ndi mpando womwewo. Uikeni motsamira khoma, khalani, pindani manja pachifuwa, dzukani mpaka kuwongoka, n'kukhalanso pang'onopang'ono osadzigwetsa. Wofooka ayambe ndi kudzithandiza ndi manja, palibe manyazi. Chitani ka 8 kapena ka 10, pumulani, bwerezani kawiri. Zikayamba kuphweka, ndiye kuti nthawi yowonjezera yakwana: tengani kampando kafupi, kapena kumbatirani chigubu cha malita 5, chomwe chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu 5. Chinsinsi chonse chagona pa kuwonjezera kumeneku, pakuti mnofu umakula pokhapokha wapemphedwa zoposa pang'ono zimene unazolowera. Amene akuchita ka 10 komweko chaka chonse akusunga zimene ali nazo, zomwenso si zochepa, koma sakumanga. Zina n'zapafupi: kukwera ndi kutsika sitepe ya pakhonde, kukankha khoma ndi manja ngati ukufuna kuligwetsa, kukoka chubu chakale cha njinga chomangidwa pa nsanamira, kuyenda pabwalo ndi zigubu ziwiri m'manja monga mkulu wa pa Nathenje uja, ndi kuima ndi mwendo umodzi dzanja lili pafupi ndi khoma. Mphindi 20 zikwana. Pakati pa tsiku ndi tsiku pakhale tsiku lopuma, chifukwa mnofu umamangidwa pa nthawi yopumayo.

Chenjezo lisasowe. Kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Musanayambe, kayezetseni kuchipatala chapafupi. Ponyamula musamange mpweya, tulutsani pamene mukudzuka. Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa ndipo kumatha, koma kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kapena ululu wobaya m'bondo ndi zizindikiro zoti muime ndi kukaonana ndi dokotala. Amene anachitapo sitiroko kapena opaleshoni ayambire kwa madokotala a mafizo, osati kwa mnansi.

Chovuta si kudziwa zochitazi. Chovuta ndi mwezi wachitatu, pamene chidwi chazilala, mvula yayamba, maliro achuluka. Apa m'pamene pafunika mwalimu. Palibe wa ife anaphunzira Qur'an yekha ndi buku. Panali munthu amene ankatimvetsera, kutikonza katchulidwe, kutiuza kuti lero pitirira kapena bwerera, ndipo tikajomba ankatuma mwana kudzatifunsa. M'maiko olemera anthu amalipira mphunzitsi wotere zaka ndi zaka. Ife tili ndi chimene iwo amachisowa: jamaa imene imakumana kasanu patsiku ndipo imadziwa msanga amene sanabwere. Pafupifupi pamalo alionse ochitira malonda pali anyamata amene amanyamula zitsulo zakale za galimoto ndi simenti youmbidwa m'zitini kuseri kwa nyumba. Ambiri amangofuna chifuwa choti anthu aone, ndipo nkhalamba sangaiyambitse pa muyeso wawo. Koma mmodzi wodekha, atalangizidwa ndi wa mafizo kapena wa zaumoyo wa m'deralo, akhoza kusunga kope la mayina, kuwerengera akuluakulu pakhonde la mzikiti ikatha Subuhi, ndi kulemba kuti uyu mwezi watha ankadzuka ka 6, lero ka 9. Ndingasankhe Lachiwiri ndi Loweruka, kusiya Lolemba ndi Lachinayi kwa amene amasala sunna. Mnyamata wotere akutumikira makolo, ndipo malipiro ake ali kwa Allah, ngakhale komiti itamuganizira ya sopo sikulakwa.

Amayi akhale ndi gulu lawo ndi mphunzitsi wawo wamkazi, mkati mwa mpanda kapena m'kalasi ya madrasa ana asanafike. Mwamuna woletsa mkazi wake ponena kuti n'zosayenera akumbuke zimene Imam Abu Dawud anasimba, kuti Mtumiki (SAW) anapikisana liwiro ndi mayi Aisha kawiri: koyamba mayiyo anapambana, kachiwiri, patapita zaka thupi litakula, anapambana ndi Mtumiki, n'kumukumbutsa moseka za tsiku loyamba lija.

Mmisiri samanga popanda njerwa. Thupi la munthu wamkulu limafuna zakudya zomanga thupi zochulukirapo kuti lipange mnofu womwewo umene mnyamata amaupanga mosavuta, koma m'makomo mwathu gogo ndiye amapatsidwa phala loyera ndi tiyi wa shuga wambiri chifukwa mano anatha. Zofunikazo tili nazo. Usipa wa kwathu umafika mpaka pamsika wa Mitundu, ndipo soya, nyemba ndi mtedza za ku Mitundu zimatsikira kunyanja. Usipa wouma ukasinjidwa umalowa m'phala ngati nsinjiro, dzira silifuna mano, chambiko chimodzimodzi. Chofunika n'chakuti pa chakudya chilichonse pakhale kena kotere, osati kudikira nyama ya Qurbani. Odwala impso okha ndiwo ayambe afunsa dokotala. M'mwezi wa Ramadhan masewerawa achepetsedwe ndi kusunthidwira pambuyo pa futari, koma asaimitsidwe, pokumbukira masabata anayi a ku Boston aja.

Ndipo pasakhale kupyola muyeso, pakuti matenda athu ena ndi kuyamba ndi moto. Abdullah ibn Amr, Allah asangalale naye, ali mnyamata ankasala tsiku lililonse ndi kuswali usiku wonse. Mtumiki (SAW) anamuletsa, namukumbutsa kuti thupi lake, maso ake ndi banja lake zili ndi gawo lawo pa iye. Abdullah anaumirira kuti ali ndi mphamvu zochita zambiri, ndipo atakalamba ankadandaula kuti akanalandira chilolezo chija. Tsiku lina Mtumiki anapeza chingwe chomangidwa pakati pa nsanamira ziwiri za mzikiti, chimene mayi Zainab ankagwira akatopa ndi Swala ya usiku, ndipo analamula kuti chimasulidwe. Mayi Aisha anasimba kuti ntchito imene Mtumiki ankaikonda ndi yopitirira, ngakhale ikhale yochepa. Anasimbanso kuti atakula, pa Swala ya usiku ankawerenga chokhala, koma zikatsala ndime 30 kapena 40 ankaimirira n'kuzimaliza ali chiimire asanawerame. Sanataye gawo limene thupi linkathabe.

Zimenezi ndi zimene ndinamusiyira mnzanga wa pa Mitundu, pamodzi ndi kope la masamba 40 limene ndinagula m'golosale yake yomwe. Mdzukulu wonyamula mpando uja ndiye anasanduka mwalimu wowerengera. Sabata yoyamba anadzuka ka 5 mogwira maondo, ndipo ananditumizira uthenga pa WhatsApp wodandaula kuti ntchafu zikuwawa ngati wamenyedwa. M'Disembala analekeza masabata atatu chifukwa cha maliro a mlongo wake kumudzi, n'kuyambiranso pafupi ndi pamene anayambira.

Ndinadutsanso pa Mitundu chimanga chitayamba kuuma m'minda. Mipando inayi ija inalipobe, ndipo wina anali atawonjezera wachisanu. Mnzanga anaswali rakaa zonse ziwiri chiimire, anawerama rukuu ndi jamaa, ndipo pa rakaa yoyamba anatsika mpaka chipumi chinagunda mkeka. Podzuka anagwira mpando ndi dzanja limodzi. Pa rakaa yachiwiri anakhala pampando. Titapereka salamu mdzukulu anabwera kudzatenga mpandowo, koma agogo ake anamukaniza ndi dzanja, naunyamula okha mpaka kugolosale.